KHUTUBA YA JUMU'AH: WAKUBA WA PA KANEMA NDI MLONDA WOPANDA DZINA

Ichi ndi chidule cha khutuba imene inaperekedwa mu mzikiti wina wa m'mbali mwa minda ya tiyi ku Thyolo, kumene abale athu ambiri ochokera ku Mangochi, Machinga ndi Salima amagwira ntchito.



Tithokoze Allah (SWT) amene watipatsa moyo ndi mphamvu zofikira tsiku lolemekezeka la lero. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse. Ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti tiziopa Allah poyera ndi mseri momwe.

Abale anga olemekezeka, nkhani ya lero ndinaitola panjira. Tsiku lina pochokera ku swala ya Isha ndinapeza anyamata atangotuluka mu vidiyo sho, atagundika mkangano. Anali ataonera Money Heist, sewero la ku Spain limene linayamba kuonetsedwa mu 2017. Limafotokoza za gulu la akuba limene linalowa m'nyumba yosindikizira ndalama za boma mumzinda wa Madrid, n'kutsekera anthu momwemo, n'kuyamba kudzisindikizira ndalama.

Mnyamata wina amati: "Amenewo si akuba ayi, ndi madolo. Sanabere mmphawi aliyense. Nanga ifeyo tikatenga mtolo wa bulugama kapena thumba la makademiya mu esiteti, taba chiyani? Malowa si anali a makolo athu?" Mnzake, amene bambo ake ndi mlonda, anayankha mopsa mtima: "Aliyense wolowa m'munda usiku, chake n'chikwanje basi. Kudziteteza ndiye kumeneko."

Anyamata awiriwa ndi ana athu, ndipo amaima nafe pa safu imodzi. Aliyense wa iwo wagwira kachidutswa ka choonadi, koma onse awiri asochera. Tiyeni tione pamene asocherera.

Chimene kanema amabisa

Pamene Television Malawi inkatsegulidwa mu 1999, kanema ankapezeka m'nyumba zowerengeka. Lero mwana amaonera masewero a umbanda pa foni ali chigonere pa mphasa. Sindinabwere kudzanena kuti sewero lililonse ndi haramu. Ndabwera kudzanena kuti wopanga sewero amasankha munthu woti timumvere chisoni. Amatisonyeza mayi wa wakubayo, ngongole zake ndi misozi yake, mpaka mtima wathu umafunitsitsa kuti apulumuke. Koma mlonda wa pachipata amagwa m'kuphethira kwa diso. Alibe dzina. Sitiona janaza yake, sitiona mkazi wake ali pa eda, sitiona ana ake atasiya sukulu.

Kuno ku Thyolo mlonda ali ndi dzina, ndipo mwina wakhala pambali panu pomwepo. Katundu akasowa pamalo amene iye amalondera, woyamba kufunsidwa ndi iyeyo, ndipo ntchito ikhoza kumuthera pomwepo. Inu a kunyanja mukudziwa bwino: chilimira chikabedwa usiku, wolira si mwini wake yekha. Asodzi onse amene amadalira khokalo amagona ndi njala, pamodzi ndi amayi amene amadikira usipa pa thandala. Palibe kuba kopanda wolira. Kungoti kanema amamubisa wolirayo.

Kuba ndi njala

Qur'an yolemekezeka sinachepetse tchimo la kuba. Mu Surat Al-Maidah, ndime 38, muli chilango chowawa cha kudula dzanja. Koma maulama anafotokoza kuti chilangochi chili ndi malire ake ambiri: chinthucho chikhale cha mtengo wofika pa mlingo woikika, chikhale chotengedwa pamalo osungika, pakhale umboni wokwanira, ndipo wogamula akhale woweruza wa boma, osati munthu wamba kapena khamu la anthu.

Chisilamu sichinatsekenso maso pa njala. Swahaba wina, Abbad bin Shurahbil (RA), anafika ku Madina m'chaka cha njala. Analowa m'munda wa munthu, nathyola ngala za mbewu, nadya, zina n'kumanga pa nsalu yake. Mwini munda anamumenya ndi kumulanda nsaluyo. Nkhani itafika kwa Mtumiki (SAW), iye anadzudzula mwini mundayo chifukwa chosamudyetsa munthu wanjala ndi kusamuphunzitsa munthu wosadziwa. Analamula kuti nsalu ibwezedwe, ndipo Abbad anapatsidwanso chakudya.

M'nthawi ya Khalifa Umar bin Khattab (RA), akapolo a Hatib bin Abi Balta'ah anaba ngamila ya munthu wa fuko la Muzaina n'kuipha. Umar atazindikira kuti bwana wawo amawakhalitsa ndi njala, anatembenuzira mlandu kwa bwanayo. Ngamila inali ya madirihamu 400, koma Hatib analamulidwa kulipira 800. Umar yemweyo sanadule dzanja la woba chifukwa cha njala m'chaka cha chilala chachikulu, chaka cha 18 cha Hijra.

Choncho inu mabwana, akapitawo ndi eni makoka amene muli muno, mverani. Ngati mumachedwetsa malipiro a wantchito, ngati sikelo yanu imadya makilogalamu a mayi amene wathyola tiyi kuyambira mbandakucha, dziwani kuti pa tsiku la Kiyama mlandu wa kuba kwake udzakukhudzani. Mtumiki (SAW) anatilamula kulipira wantchito msangamsanga, osamudikiritsa.

Koma iwe mwana wanga wa funso loyamba lija, usathamangire kukondwa. Abbad anadya kuti asafe. Sanabwere ndi njinga usiku kudzanyamula matumba okagulitsa kwa mavenda. Sunnah imasiyanitsa wanjala amene wadya chipatso pomwepo ndi munthu amene watuta n'kupita nazo. Akuba a mu sewero lija sanali ndi njala ya nsima. Anali ndi njala ya chuma, ndipo njala imeneyo siikhuta.

Za malo, dandaulo lako ndi loona. Makolo a kuno anavutika ndi thangata, kugwira ntchito m'minda ya azungu ngati lendi ya malo amene anakhalapo, ndipo kuchepa kwa malo ku Thyolo ndi ku Mulanje si nthano. Mu 2016 gulu la People's Land Organisation, lotsogozedwa ndi Vincent Wandale, linalowa mu esiteti ya Conforzi, ndipo nkhaniyo inakathera ku khoti. Koma thumba la makademiya lobedwa mumdima silibweza ngakhale mzere umodzi wa munda wa agogo ako. Limangochotsetsa ntchito bambo a mnzako. Nkhani ya malo njofunika kuinena masana, pamaso pa mafumu, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi makhoti, ndipo Msilamu asaope kuinena. Kuponderezedwa sikusandutsa haramu kukhala halali.

Malire a kudziteteza

Tsopano kwa mwana wa mlonda. Chisilamu sichinati Msilamu apinde manja pamene akulandidwa. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya munthu amene anafunsa Mtumiki (SAW) za wobwera kudzamulanda chuma chake. Anauzidwa kuti asapereke, ndipo ngati wolandayo ayamba ndewu, alimbane naye. Akaphedwa poteteza chakecho, ndi shahidi.

Komabe maulama anaika dongosolo lomveka. Woukira amabwezedwa ndi njira yopepuka imene ingakwanire. Ngati mawu akwanira, usakuwe. Ngati kukuwa ndi kuimba wezulo kwakwanira, usatukule ndodo. Ngati ndodo yakwanira, chikwanje chikhale pansi. Cholinga ndi kuchotsa choopsa, osati kulanga. Wakuba akataya katundu n'kuthawa, choopsa chatha. Akagwidwa n'kumangidwa manja, wasanduka amana m'manja mwako kufikira utamupereka kwa apolisi. Chibonga chimene ungamumenye atagona pansi si kudziteteza, ndi kubwezera, ndipo udzachiyankha pamaso pa Allah. Malamulo a dziko lathu nawonso amalola mphamvu yolingana ndi choopsacho, osati yopyola.

Mu kanema, ngwazi ikawombera mdani amene wagwada kale, nyimbo imalira ndipo oonera amaomba m'manja. M'misika yathu tinaonapo anthu akuthira petulo munthu woganiziridwa kuti waba foni kapena mbuzi. Panalibe mboni, panalibe woweruza, panali mawu amodzi okha akuti "wakuba!" Surat Al-Hujurat, ndime 6, imatilamula kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu, kuopa kupweteka anthu mosadziwa kenaka n'kumanong'oneza bondo.

Boma lathu lino la Thyolo likudziwa mtengo wa kusafufuza. Mu Ogasiti 1953, pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza, ana a mzungu mwini munda analimbana ndi anthu amene amaba malalanje. Mphekesera inafala yoti azunguwo ndi achifwamba ndipo apha munthu. Mitima inali itadzaza kale ndi mkwiyo wa thangata ndi wa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinayamba chaka chomwecho. Zipolowe zinabuka ku Thyolo kuno n'kufalikira m'maboma ena, ndipo boma la atsamunda linawerenga anthu 11 amene anafa. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inazunguza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu anaphedwa ndi makamu amene ankati akuteteza midzi yawo. Kachinthu kochepa, mantha ndi mkwiyo zikakumana, magazi amakhetsedwa. Mu Surat Al-Maidah momwemo, ndime 32, tikuphunzira kuti kupha munthu mmodzi popanda chifukwa chovomerezeka kumalemera ngati kupha mtundu wonse wa anthu.

Tichite chiyani?

Makolo, khalani pansi ndi ana anu akamaonera masewerowa. Afunseni kuti: kodi wabedwayo ndani? Wagwa pachipata uja wasiya ndani kunyumba?

Inu amene muli ndi chinthu cha mwini m'nyumba mwanu, kaya ndi feteleza wa ku esiteti, kaya ndi ukonde wa mnzanu, dziwani kuti tauba ya tchimo lolakwira munthu siikwanira popanda kubweza chinthucho kapena mtengo wake, kapena kupempha mwini wake kuti akukhululukireni. Ndipo wogula katundu akudziwa kuti ngobedwa ali m'tchimo lomwelo.

Alonda, ntchito yanu ndi amana ndipo malipiro ake ndi halali. Tetezani miyoyo yanu, koma dzanja lanu lisapyole malire.

Tonsefe, tipereke zakaat ndi sadaka, makamaka m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale, kuti pasapezeke Msilamu kapena mnansi wathu wa chipembedzo china amene walowa m'munda wa eni chifukwa ife tinamutsekera khomo.

Tikupempha Allah kuti atikwaniritse ndi halali kuti tisasirire haramu, ateteze manja athu ku chuma cha eni ndi ku magazi a osalakwa, awapatse chilungamo oponderezedwa, ndipo awakhululukire makolo athu amene anatsogola. Ameen.