Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Msonkhano wa Makolo Ochokera ku Malawi mu Dallas

 

Chisankho chikamafika, makutu athu amakhala kwa bwanamkubwa ndi aphungu. Koma pa pepala lovotera, pakati pa mayina ambirimbiri aja, pamapezekanso ofuna kulowa m'bungwe la State Board of Education, ndipo ambirife timangochonga osawadziwa n'komwe. Mamembala a bungweli alipo 15, aliyense wosankhidwa m'chigawo chake. Ndiwo amakhazikitsa TEKS, ndondomeko ya zimene mwana ayenera kuphunzira kuyambira kindergarten mpaka giredi 12. Ndiwonso amavomereza mabuku, ndipo akhoza kukana kuti sukulu yatsopano ya charter itsegulidwe. Ana oposa 5 miliyoni a m'sukulu za boma mu Texas, kuphatikizapo athuwa, amaphunzira zimene anthu amenewa agwirizana ku Austin.

Wina akabwera kudzapempha voti n'kulonjeza kukweza malipiro a aphunzitsi, dziwani kuti akulonjeza chinthu chosakhala m'manja mwake. Zimenezo n'za nyumba ya malamulo ndi ma ISD athu, amene amayendetsa sukulu m'madera mwathu. Mumufunse za ntchito yake yeniyeni, ndipo funso loyamba likhale ili: mudzachita chiyani kuti mwana aliyense azimaliza giredi 3 akudziwa kuwerenga?

Ndikuumirira pamenepa chifukwa m'mera mpoyamba. Mwana wosawerenga bwino salephera Chingerezi chokha. Masamu amamukanika chifukwa funso sanalimve, sayansi imamudutsa, mayeso a boma a STAAR amamuopsa, kenako amayamba kunamizira mutu m'mawa uliwonse. Ife a ku Malawi tinaziona ndi maso. Mu 1994 sukulu ya pulayimale itakhala yaulere, ana anakhamukira m'makalasi, chinthu chokondweretsa kwambiri, koma mabuku ndi aphunzitsi ophunzitsidwa bwino anaperewera, ndipo ambiri ankakwera makalasi asanadziwe kuwerenga. Kuno nyumba n'zokongola, basi imafika pakhomo, chakudya chilipo, komabe mwana akhoza kukhala chete pakona chaka chathunthu osatolapo kanthu. Mu Texas muno, pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse akuphunzirabe Chingerezi. Mwana wongofika kumene kuchokera ku Mzuzu kapena ku Zomba ali m'gulu limeneli. Wofuna mpandoyo atiuze ngati mabuku amene adzavomereze akuganizira mwana wotere, komanso ngati mphunzitsi angathe kumaliza zonse za mu TEKS popanda kuthamangitsa ana.

Mu November 2024 bungweli linavomereza mabuku a Bluebonnet Learning, amene muli nkhani za m'Baibulo, ndi mavoti 8 kwa 7. Voti imodzi yokha, abale anga! Ine ndine munthu wopemphera, ndipo Baibulo ndimalikonda. Koma m'chipinda muno muli abale athu achisilamu ochokera ku Mangochi ndi ku Machinga, ndipo ana awo amakhala desiki imodzi ndi athu. Chikhulupiriro tichiphunzitse kunyumba, kutchalitchi ndi kumadrasa. Buku la sukulu ya boma tiliyeze ndi muyeso woti kodi likuthandiza mwana kuwerenga ndi kuganiza, ndipo kodi mwana aliyense akulandiridwa m'kalasimo.

Wofuna mpandoyo mumufunsenso maganizo ake pa mlandu wa Plyler v. Doe, umene unayambira ku Tyler konkuno ku Texas. Mu 1982 khoti lalikulu la dziko lino linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu ya boma chifukwa chosowa mapepala okhalira m'dziko muno. Ayankhe mosazungulira, tonse tikumva.

Inu amene muli nzika, kalembera wa mavoti amatsekedwa kutatsala masiku 30 kuti chisankho chichitike, choncho musadikire. Inu amene simungavote, misonkhano ya bungweli imaonetsedwa pa intaneti, ndipo kalata yopita kwa woimira chigawo chanu mukhoza kulemba. A wapampando, pempho langa n'lakuti komiti yanu iitane onse opikisana m'chigawo chino, a zipani zonse, adzakhale patsogolo pano tiwafunse mafunso amenewa.