Kodi nkhata ya mumsana ikatha ingamerenso?

Ambiri mwa ife tili ndi kholo limene limadzuka m'mawa litagwira m'chiuno. Si kwathu kokha ayi: bungwe la WHO limati mu 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni ankadwala msana wa m'munsi.

Pakati pa mafupa a msana pali tinkhata 23, timene madokotala amati ma disc. Kunja kwake kuli ulusi wolimba wokulungana, m'kati muli chinthu chofewa ngati phala, chodzaza madzi. Mukasenza thumba la chimanga, kulemerako amalandira ndi ma disc amenewa. Koma m'kati mwake simuyenda magazi. Bala la pakhungu limapola chifukwa magazi amabweretsa chakudya, pomwe disc imangolandira tochepa todontha kuchokera m'mafupa oyandikana nawo. Ikang'ambika kapena kuuma, kuchira n'kovuta. Pa opaleshoni amachotsa kachidutswa kamene kakupsinja mtsempha, kapena amalumikiza mafupa awiriwo. Ululu ungachepe, koma nkhatayo sibwerera.

Tsono akatswiri akuyesa chinthu chotchedwa scaffold. Ganizirani nyumba yomata: mumazika nsichi, n'kumanga mbaliro, kenako n'kumata dothi. Scaffold ndiye nsichi ndi mbalirozo, omata ndi maselo amoyo. Kusiyana kwake n'kwakuti mbaliro izi zimasungunuka pang'onopang'ono, maselo n'kutsala atamanga zawozawo. Amazipanga ndi collagen, ulusi wa silika, ngakhalenso alginate yochokera ku zomera za m'nyanja ya mchere.

Mu 2011 a ku yunivesite ya Cornell ku America anaika disc yotereyi mumchira wa makoswe, ndipo inakhala miyezi 6 ikugwira ntchito. Mu 2018 a ku yunivesite ya Pennsylvania anaika yawo m'khosi mwa mbuzi. Inde, mbuzi! Anaisankha chifukwa ma disc a m'khosi mwake kukula kwake n'kofananako ndi athu. Patatha milungu 8 anapeza ili bwino.

Musathamange kukauza agogo kuti mankhwala apezeka. Milungu 8 ndi yochepa kwa munthu wofuna kulima zaka 30, ndipo mbuzi sisenza chimanga. Chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi ichi: maselo atsopanowo mukuwaika m'nyumba yomwe ija yopanda magazi. Mukaikamo ambiri amalimbirana tochepa tomweto n'kufa ndi njala, mukaikamo ochepa kumatako sikutha.