Chidule cha Khutuba ya Ijumaa: Zomera za M'chipululu ndi Kasungidwe ka Madzi

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ife amene timadzuka nyanja ili pakhomo sitinazolowere kuwerengera madzi. Kuno ku Mangochi timalandira mvula yoposa mamilimita 700 pachaka, pomwe ku Makka imangokwana pafupifupi 110. Ngakhale zili choncho, Allah (SWT) adameretsa zomera kumeneko, chilichonse ndi njira yake.

Tsamba lili ndi timabowo topumira tosaoneka ndi maso, ndipo tikatseguka madzi amatulukiramo ngati nthunzi. Alovera, amene kwawo ndi ku Arabia, amatseka timabowoti usana wonse n'kutitsegula usiku kunja kukazizira. Mpweya umene wakoka usikuwo amausunga mpaka dzuwa litatuluka, ndi pamene amapangira chakudya chake. Madzi amawabisa m'masamba ake onenepa. Mtengo waminga wotchedwa samur uli ndi timasamba ting'onoting'ono, ndipo chilala chikakula umatiyoyola, mizu ikufunafuna chinyezi pansi. Tizitsamba tina sitilimbana n'komwe ndi chilala: mbewu zake zimagona mumchenga kwa zaka, mvula ikagwa zimamera, kuchita maluwa ndi kubereka m'masabata ochepa, n'kuuma. Mlambe wathu wa m'mbali mwa nyanja nawo umayoyola masamba m'chilimwe, madzi utasunga m'thunthu.

Ambiri a ife timaganiza kuti mtengo wa tende sufuna madzi. Si choncho ayi. Umapirira dzuwa ndi nthaka yamchere, koma umamwa kwambiri, ndipo umabereka pokhapokha mizu yake ikafika pa madzi a pansi kapena ukamathiriridwa. N'chifukwa chake minda ya tende ya ku Madina inkadalira zitsime, ndipo chitsime chinali chuma chachikulu. Uthman bin Affan (RA) adagula chitsime cha Ruma kuti anthu azitunga kwaulere.

Tisadzinamize kuti nyanja yathu singaphwe. Pakati pa 1915 ndi 1935 idatsika mpaka mtsinje wa Shire udaleka kutulutsa madzi ake, ndipo nyanja ya Chilwa idauma mu 1995. Mtumiki Muhammad (SAW), amene adakulira m'dziko la zomerazi, ankachita udhu ndi mudd imodzi, madzi osakwana lita. Ife pampopi wa pamzikiti, nthawi zambiri timasiya madzi akuyenderera uku tikupatsana salamu.