William Byrd: Mkatolika M'kwaya ya Mfumukazi

Omvera, nkhani ya lero ikuchokera ku England m'masiku a Mfumukazi Elizabeth Woyamba, amene analoŵa ufumu mu 1558. Mu ulamuliro wake Misa inaletsedwa, ndipo munthu aliyense analamulidwa kupemphera m'tchalitchi cha Anglikani. Koma pakati pa oimba a Mfumukaziyo panali katswiri wopeka nyimbo, William Byrd, amene anaumirira Chikatolika mpaka imfa yake.

Byrd anayamba kuimba limba m'tchalitchi chachikulu cha ku Lincoln mu 1563, naloŵa kwaya ya kunyumba yachifumu mu 1572. Mfumukazi inamkonda kotero kuti mu 1575 inapatsa iye ndi Thomas Tallis okha chilolezo chosindikiza nyimbo kwa zaka 21. Nyimbo zimene anapekera Aanglikani m'Chingerezi nzokoma mosachita kufunsa. Sanazilembe monyinyirika ayi.

Zinthu zinafika poŵaŵa mu 1581. Chaka chimenecho wansembe Edmund Campion ananyongedwa ku London, ndipo chindapusa cha wokana kupita kutchalitchi chinakwera kufika mapaundi 20 pamwezi. Dzina la mkazi wa Byrd linali kale m'kaundula wa okanawo, ndipo pambuyo pake lakenso linaloŵamo. Nanga woimba akanadandaula bwanji, mutu wake osauika pangozi? Anatenga mawu a m'Baibulo onena za Yerusalemu wopasuka ndi ukapolo wa ku Babulo, nawaika m'nyimbo za Chilatini. Malembo oyera ndani akanawazenga mlandu? Koma Mkatolika womva nyimbozo ankazindikira kuti mzinda wopasukawo ndi mpingo wake womwe.

Pakati pa 1592 ndi 1595 Byrd anasindikiza nyimbo za Misa zitatu, ya mawu anayi, ya mawu atatu ndi ya mawu asanu. Timabukuto tinalibe tsamba la mutu, chaka, kapena dzina la wosindikiza. Dzina la Byrd lokha ndilo linaonekera poyera. Sizinali nyimbo za kwaya yaikulu, koma za anthu oŵerengeka osonkhana m'chipinda, zitseko zili chitsekere, monga ankachitira kunyumba ya Sir John Petre ku Essex, kufupi ndi mudzi wa Stondon Massey kumene Byrd anasamukira.

Anamwalira pa 4 Julaye 1623, atalemba m'chikalata cha masiye kuti akufuna kufa ali mwana wa Mpingo wa Katolika.