Mwera, Zambwe, Mpoto ndi Vuma: Maina a Osewera Tchesi ya Anthu Anayi

Nkhani ya lero ikuchokera m'mbali mwa nyanja ku Salima, ndipo ikunena za masewera a pathabwa. Funso limene tifuna kuganizira pamodzi ndi ili: anthu anayi akamasewera tchesi pa thabwa limodzi, tiziwatchula maina otani, ndipo mayendedwe awo tiziwalemba bwanji, kuti munthu amene sanaonerere athe kuwatsata? Funsoli lingaoneke laling'ono, koma masewera amene sanalembedwe amafera pomwepo osewera akangodzuka, ndipo nzeru imene inaoneka pathabwapo siifika kwa ana athu.

Tiyambe ndi tchesi ya anthu awiri, imene ambiri tinaiona kusukulu. Thabwa lake lili ndi zipinda 64, ndipo osewera amatchedwa Woyera ndi Wakuda. Maina amenewa amagwira ntchito ziwiri: amatiuza mwini wa ankhondo, ndiponso amatiuza woyamba kusuntha, pakuti lamulo la lero likuti Woyera ndiye ayambe. Koma kale sizinali choncho. Pa masewera otchuka a mu 1851 ku London, pakati pa Adolf Anderssen ndi Lionel Kieseritzky, Anderssen ndiye anayamba, chonsecho anali ndi ankhondo akuda. Mabuku a lero amamulemba ngati Woyera chifukwa chakuti ndiye anayamba. Apa tikuona kuti ngakhale mu tchesi ya awiri, dzina loti Woyera limanena za mpata wa kusewera kuposa utoto wa mtengo.

Tchesi ya anthu anayi si yachilendo. Cha m'ma 1030, Al-Biruni analongosola m'buku lake lonena za India masewera a mafumu anayi, aliyense ali ndi njovu, kavalo, ankhondo ena ndi asilikali anayi. Zolembedwa za ku India za pambuyo pake zimaika ofiira kuvuma, obiriwira kumwera, achikasu kuzambwe ndi akuda kumpoto. Ku Spain, buku la masewera la Mfumu Alfonso X la mu 1283 linapatsa osewera anayi nyengo zinayi za chaka, ndi mitundu yobiriwira, yofiira, yakuda ndi yoyera. Mu 1881 George Hope Verney wa ku England anafalitsa tchesi ya anayi pa thabwa lalikulu la zipinda 160. Thabwa lotere ndi limene Chess.com inaika pa intaneti mu 2017, ndipo kumeneko Wofiira ndiye amayamba, kenaka Wabuluu, Wachikasu, pomaliza Wobiriwira.

Mwamva nokha, omvera, kuti mitunduyi siigwirizana. Wobiriwira wa ku India anali wa kumwera, wa ku Spain anali nyengo ya mphukira, ndipo wa pa intaneti ndi wotsiriza kusuntha. Ili ndi vuto loyamba. Vuto lachiwiri ndi la maso: alipo anthu, makamaka amuna, amene anabadwa osatha kusiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, osanenapo za anzathu osaona amene amasewera pokhudza ndi manja. Lachitatu ndi la chinenero: m'Chichewa mawu oti kubiriwira ena amawanena pa tsamba la chimanga ndi pa thambo pomwe, kotero kuti wina akati "Wobiriwira wadya kavalo," anthu awiri angathe kuloza osewera osiyana. Lachinayi ndi lathu ife a wailesi ndi anzathu osindikiza nyuzi ndi inki yakuda: mtundu sumveka m'khutu ndipo suoneka pa pepala lotere. Ndiponso pa intaneti paja, munthu akagonja ankhondo ake amasanduka otuwa, dzina lake la mtundu n'kusiya kulozera chimene chili pathabwa.

Tsono tiyeni kugombe. Pitani ku Senga Bay, ku Chipoka kapena ku Lifuwu masana, asodzi akuyembekeza kuti dzuwa lipendeke, mukapeza bawo ili mkati pansi pa mtengo. Bawo ili ndi maenje 32 m'mizere inayi, ndi njere 64. Njere zonsezo n'zofanana, ndipo palibe imene ili ndi chizindikiro cha mwini. Njere ndi yanu ngati ili m'mizere iwiri ya mbali yanu. Mnzanu akaidya n'kuifesa kwake, yasanduka yake. Chimodzimodzi anyamata osewera dirafuti ndi zitsekerero za mabotolo: wina amaziika chagada, mnzake amazivundikira, ndipo sipakhala mkangano. Ku Japan nako, mu tchesi yawo yotchedwa shogi, ankhondo onse ali ndi maonekedwe amodzi. Mwini amadziwika ndi kumene nsonga yaloza, ndipo osewera amatchedwa sente ndi gote, kutanthauza woyamba ndi wotsatira.

Chifukwa chake, amene amalemba masewera a bawo sangathe kunena za Woyera ndi Wakuda. Amatchula osewera kuti wa Kumwera ndi wa Kumpoto. Njira imeneyi inafala pambuyo pa kafukufuku wa Alexander de Voogt, amene anaphunzira kwa akatswiri a bawo a ku Zanzibar nasindikiza zimene anapeza ku Leiden mu 1995. Mzere wa kutsogolo wa Kumwera umalembedwa A wamkulu, wa kumbuyo B wamkulu; mizere ya Kumpoto imalembedwa a ndi b aang'ono; maenje amawerengedwa kuyambira 1 mpaka 8. Osewera makadi otchedwa bridge nawonso amatchulana maina a mbali zinayi za dziko.

Maina a mbali zinayi amenewa ife sitichita kubwereka. Msodzi aliyense wa ku Salima amadziwa mwera, mphepo yaukali ya nyengo yozizira imene imaletsa mabwato kulowa m'nyanja, amadziwa mpoto, amadziwa vuma wochokera kutsidya kumene dzuwa limatulukira, ndi zambwe wochokera kumtunda. Mphepozi ndizo zili m'mawu athu oti kumwera, kumpoto, kuvuma ndi kuzambwe. Tingathe tsono kutchula osewera anayi kuti Mwera, Zambwe, Mpoto ndi Vuma. Mwera ayambe, atsatire wa kumanzere kwake, amene ndi Zambwe, kenaka Mpoto, pomaliza Vuma. Akasewera awiriawiri, oyang'anizana ndiwo amakhala gulu limodzi: Mwera ndi Mpoto, Zambwe ndi Vuma. Dzina lotere likunena malo, likunena mpata, likunenanso bwenzi. Sipafunika kuti Mwera akhaledi kumwera kwa mudzi. Woyamba kusuntha ndiye Mwera, thabwa liyang'ane kulikonse.

Tatha za osewera, nanga zipinda? Apa mpofunika kusamala, pakuti njira ya bawo siingatengedwe yonse. M'bawo munthu amafesa m'mizere yake yokha, motero aliyense angawerenge maenje kuchokera kumbali kwake popanda chisokonezo. Mu tchesi ankhondo amayenda thabwa lonse. Kale Angerezi ankalemba tchesi aliyense akuwerenga kuchokera kwake, kotero kuti chipinda chimodzi chinali ndi maina awiri: chimene Woyera ankati chachinayi, Wakuda ankati chachisanu. Bungwe la tchesi la dziko lonse, FIDE, linasiya kuvomereza kalembedwe kameneka mu 1981, ndipo linatsala ndi kalembedwe ka zilembo ndi manambala kamene Philipp Stamma anagwiritsa ntchito m'buku lake la mu 1737. Tangoganizani: osewera akakhala anayi, njira yakale ija ikanapatsa chipinda chimodzi maina anayi!

Choncho chipinda chilichonse chikhale ndi dzina limodzi lokha, lowerengedwa kuchokera kumene wakhala Mwera. Pa thabwa la zipinda 160, zilembo zimayenda kuchokera kumanzere kwake kupita kumanja, a mpaka n, ndipo manambala amachokera kwa iye kupita kwa Mpoto, 1 mpaka 14. Mverani chitsanzo cha ulendo woyamba, aliyense akusuntha msilikali zipinda ziwiri. Mwera: h2 kupita h4. Zambwe: b7 kupita d7. Mpoto: g13 kupita g11. Vuma: m8 kupita k8. Amene ali ndi thabwa pafupi, kaya ku Chitipa kaya ku Nsanje, angathe kusuntha monga ndanenera osafunsa mtundu wa aliyense. Polemba papepala mufupikitse maina kuti Mw, Z, Mp ndi V, popeza Mwera ndi Mpoto onse ayamba ndi chilembo chimodzi. Powerenga mokweza, zilembo zina zimamveka mofanana. Malamulo a FIDE a osewera osaona amathetsa vutoli potchula Anna, Bella, Cesar, David m'malo mwa a, b, c, d. Ifenso tingati b wa bawo, d wa dengu, m wa mpasa, n wa nsomba.

Pomaliza ndipemphe aphunzitsi amene amayang'anira magulu a tchesi m'sukulu, ndi inu achinyamata odziwa kulemba amene mumaonerera akuluakulu pabawo: tengani kope ndi pensulo. Lembani tsiku, malo, amene anali Mwera ndi amene anali Mpoto, ndi mayendedwe onse mwa ndondomeko. Makolo anati mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera ngati alipo wowasunga. Masewera a Anderssen tikuwaphunzirabe patapita zaka zoposa 170 chifukwa wina anawalemba. Akatswiri a bawo a m'mbali mwa nyanja yathu ayenera ulemu womwewo.