Kodi Lamya ndi Wailesi Amayang'anira Ndani?

Tonse tikuwadziwa malo a kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi kumene munthu amayamba wakwera chitunda kuti aimbe lamya. Pa Mponela kapena pa Madisi mawu amamveka bwino, koma tikatsikira m'zigwa za kuseri kwa phiri la Ntchisi, foni imangokhala chete. Mayi akadwala usiku, kuitana galimoto kumakhala kovuta. Nanga nkhani yotere tikaitule kwa yani?

Ku America kuli mtundu wa anthu otchedwa Navajo. Iwowa ali ndi boma laolao m'dera lao, ndipo bomalo linakhazikitsa bungwe loyang'anira makampani a lamya ogwira ntchito kumeneko. Kwathu kuno sizili choncho. Gogo Chalo Msakambewa kapena Gogo Chalo Nthondo alibe mphamvu yopereka chiphaso kwa kampani ya lamya. Mphamvuyo ili ndi bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Lamulolo linalowedwa m'malo ndi lina m'chaka cha 2016.

Akuluakulu akukumbukira kuti chisanafike chaka cha 1994 tinali ndi wailesi imodzi yokha, ya MBC, ndipo lamya inali m'manja mwa a positi. Boma lomwelo ndilo linali mwini malonda, lomwelonso woweruza. Kenaka kunabwera TNM mu 1995 ndi Celtel mu 1999, imene lero tikuitcha Airtel. Osewera akachuluka pamafunika woimbira mpira, ndiye ntchito ya MACRA imeneyo: kupereka ziphaso, kugawa malo a mawailesi pa mphepo, kuona ngati makampani akusunga zimene analonjeza, ndi kumva madandaulo a ife ogula.

Pali chinthu china chimene ambiri a ife sitinachimvepo. Lamulo la 2016 linakhazikitsa thumba la ndalama lotchedwa Universal Service Fund. Makampani amasonkhamo, ndipo cholinga chake ndi kufikitsa lamya ndi intaneti kumadera kumene kampani siionako phindu. Maderawo ndi ngati athu ano. Komatu thumba silidziwa lokha mudzi umene uli pa mdima ngati eni ake ali chete.

Tsono mbali yathu ndi iyi. Mayunitsi akatha mosadziwika bwino, tiyambe tadandaula ku kampaniyo, ndipo tilembe tsiku limene tadandaula. Akapanda kutithandiza, tipite nayo ku MACRA. Za midzi yopanda netiweki, tizikambirane ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kuti zikwere ku ADC mpaka ku khonsolo ndi kwa phungu wathu. Kalata yosainidwa ndi midzi khumi imalemera kuposa kung'ung'udza pa chigayo.

Mafumu nawonso ali ndi gawo lao, pakuti nsanja imamangidwa pa nthaka. Kampani ikafuna malo pa phiri, anthu afunse poyera kuti panganolo ndi la zaka zingati, ndalama ya lendi azilandira ndani, ndiponso ngati malowo sali pa manda kapena pa dambwe.