Awiri atheka, latsala Soche

(Kwa amene simunathe kubwera ku msonkhano wa Lamulungu, nawa mawu omwe mtsogoleri wathu wa maulendo anayankhula. Tawalemba momwe anawanenera. Werengani mpaka kumapeto, kuli voti.)

Amene miyendo ikukupwetekanibe, khalani pansi bwinobwino, palibe akusekeni. Takuonani ena mukukwera masitepe apakhomopa chammbali ngati nkhanu.

Anzanga, awiri atheka. Michiru tinakwera, Ndirande takwera dzulo, latsala Soche. Koma ndayima pano chifukwa cha nkhani ziwiri zomwe zautsa mapiri pachigwa pa gulu lathu la WhatsApp usiku wonse. Yoyamba, ena akuti tigawikane: othamanga azipita okha, oyenda pang'onopang'ono azibwera m'mbuyo. Yachiwiri, ena akuti Soche tingolisiya, tikwere Mpingwe kapena Bangwe m'malo mwake. Pa zonse ziwiri ndili ndi maganizo anga ndipo sindibisa. Koma chigamulo ndi chanu.

Poyamba ndikumbutse komwe tinatenga nzeruyi, poti tili ndi atsopano. Chaka chilichonse m'nyengo yozizira, bungwe la Mountain Club of Malawi limakonza ulendo wotchedwa Three Peaks Walk. Anthu amanyamuka ku Blantyre Sports Club m'bandakucha, kukadali mdima, n'kukwera Michiru, kenako Ndirande, kenako Soche, n'kubwerera pomwe anayambira. Zonsezo tsiku limodzi, wapansi, makilomita opitirira 40. Ifeyo tinati ayi, sitingayambire pamenepo. Tinagwirizana zokwera phiri limodzi pa Loweruka, ndipo tikamaliza onse atatu, odzimva mphamvu adzayese kuwalumikiza tsiku limodzi.

Zoterezi zilinso kwina. Ku Britain anthu amakwera Ben Nevis, Scafell Pike ndi Snowdon m'maola 24, kungoti iwowo pakati pa phiri ndi phiri amakwera galimoto, chifukwa lina lili ku Scotland, lina ku England, lina ku Wales. Ben Nevis, lomwe ndi lalitali kuposa onse kumeneko, ndi mamita 1,345 kuyeza kuchokera pa nyanja yamchere. Michiru lathuli ndi pafupifupi mamita 1,470, Soche pafupifupi 1,530, Ndirande pafupifupi 1,600. Koma musanathamangire kukadzitama pa Facebook, dziwani kuti mzinda wa Blantyre womwewu uli kale pa mamita pafupifupi 1,000. Ndiye chomwe miyendo yathu ikukwera ndi mamita 500 kapena 600 basi. Sapitwa, wa mamita 3,002 uja, akungotiyang'ana ku Mulanje.

Tsopano nkhani yogawikana. Amene mukufuna zimenezi ndikukumvetsani. Munthu ukazolowera kuyenda mwachangu, kuyimayima kumatopetsa, thukuta limazizira pathupi, ndipo ena mwa inu mukukonzekera ulendo wa tsiku limodzi uja. Mfundo yanu ndi yomveka.

Koma tiyeni tikumbukire zomwe zinachitika dzulo. Popanda wouza mnzake, gulu linadukaduka lokha. Atsogolo anali atafika kale pamwamba akujambulana, pomwe ambuyo anali asanafike pamiyala paja pofunika kugwira ndi manja. Pamenepo mchemwali wathu mmodzi anamva chizungulire n'kukhala pansi. Awiri omwe anali naye analibe madzi, chifukwa zigubu zazikulu zinali m'zikwama za atsogolo. Foni ya mmodzi inali itazima, ya winayo inalibe mayunitsi. Anadikira mpaka munthu wina wotsika m'phirimo anawagawira madzi. Zinatha bwino, tithokoze Mulungu. Koma dzifunseni: akanakhala kuti wabinya bondo, kapena wakomoka, akanamunyamula ndani?

Othamanga mukatisiya, chomwe mumapindula ndi theka la ola. Otsalawo amataya zambiri. Mapiri a m'tauni anowa tonse tikudziwa kuti simusowa akuba, ndipo wakuba sayamba gulu la anthu 20, amadikira awiri otsalira omwe mafoni ali m'manja. Kuyenda awiri si mantha. Komanso ino ndi nyengo ya chiperoni. Mphepo ija imachokera chakummwera cha kum'mawa, mbali ya phiri la Chiperone ku Mozambique komwe inatengera dzina, ndipo ikabwera nkhungu imakuta phiri m'kanthawi kochepa. Mnzako ali pomwepa osamuona, njira zonse n'kumaoneka zofanana.

Ndiye pempho langa ndi ili. Pa Soche tiyende gulu limodzi. Wodziwa njira akhale kutsogolo, ndipo palibe womudutsa. Woyenda pang'onopang'ono kwambiri akhale wachiwiri, kuti liwiro la gulu likhale lake. Wamphamvu mmodzi atseke kumbuyo, ndipo asamalole munthu kutsala kumbuyo kwake. Achimwene othamanga, mphamvu zanuzo tikuzifuna, koma tikuzifuna posenza madzi owonjezera ndi pokoka anzanu pamiyala. Tsiku lanu lothamanga tikupatsani lapadera, ndipo ofuna mpikisano weniweni, Porters Race ya ku Mulanje ilipo chaka ndi chaka. Gulu lino sitinaliyambitse kuti tidziwe wothamanga kwambiri ndani.

Nkhani yachiwiri ndi yolemera, ndiye ndiyankhula mosamala. Muno muli anzathu a ku Chilobwe, ku Manja ndi madera ena a m'tsinde mwa Soche. Kwa iwo Soche si phiri lokajambulirapo zithunzi. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika kuno, mvula inagwa masiku angapo osakata, phiri linagumuka, ndipo matope ndi miyala ikuluikulu zinatsikira m'nyumba za anthu. Namondwe ameneyu anayambira kufupi ndi Australia, n'kuoloka nyanja yonse ya India, ndipo anakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense yemwe akatswiri a zanyengo analembapo. M'chigawo chakummwera chino anthu mazanamazana anamwalira, ena sanapezeke mpaka lero. Ena mwa iwo ndi abale a anthu omwe akhala m'chipinda chino.

Choncho mnzathu akati ine ku Soche sindikwera, pasapezeke womufunsa kuti bwanji. Pasapezekenso wolemba pa gulu kuti wachita mantha. Ndikupempha kuti aliyense wotero tidzakwere naye Mpingwe Loweruka lina, tonse, ndipo adzawerengedwe kuti wamaliza mapiri atatu ngati wina aliyense.

Koma gulu lonse kulilambalala Soche, ine sindikugwirizana nazo. Chifukwa changa ndi ichi. Ambirife phirili timangoliona tili m'minibasi. Zipsera zija timaziona patali, n'kuyang'ana kumbali. Ndikufuna tikaone ndi maso athu momwe phiri limagwirira ntchito. Dothi la paphiri ndi lochepa, lakhala pamwamba pa thanthwe. Mvula ikagwa nthawi yaitali, madzi amalowa mpaka kufika pathanthwepo, dothi limalemera, pansi pake pamaterera, kenako lonse limanyamuka pamodzi ndi miyala. Akuluakulu amati napolo. Mitengo siingaletse napolo aliyense, tisanamizane, koma mizu imamanga dothi, ndipo masamba ndi udzu zimachepetsa liwiro la madzi. Phiri lopanda mitengo lili ngati nyumba yopanda maziko.

Dzulo pa Ndirande mwadzionera nokha. Mthunzi munaupeza pangati? Kafunseni makolo anu, akuuzani kuti phiri limenelo linali nkhalango ya paini yowirira, ndipo inatha m'zaka za m'ma 1990. Mtsinje wa Mudi, womwe umadzaza damu lomwe Blantyre Water Board imatengako ena mwa madzi omwe timamwa, umayambira komweko. Ku Michiru, komwe ndi malo otetezedwa, tinadutsa zitsa ndi mauvuni a makala angati? Atatuwa ndi mapiri amodzimodzi pa misinkhu yosiyana ya matenda amodzi. Tikasiya Soche ndiye kuti taona koyambira osaona komwe zimathera.

Ndipo tikamaona zimenezi tisamaloze chala. Wootcha makala akugulitsa kwa ndani? Magetsi akazima tonse timayatsa mbaula. Womanga nyumba pamtunda paja sanasankhe malowo chifukwa chokonda mphepo. Lendi ya m'munsi ndi yodula ndipo malo kulibe. Vutoli ndi la tonse okhala mumzinda uno.

Tikagwirizana zopita, pakhale mwambo. Tidziwitse amfumu a dera lomwe tidzayambire tsikulo lisanafike. Podutsa m'makomo mwa anthu tipereke moni. Sipika ija itsale kunyumba. Pamabwinja ndi pomwe panadutsa matope pasakhale kujambulana selfie, chifukwa kwa ena pamenepo ndi pamanda. Pamwamba tikapeza anthu akupemphera, poti ambiri amakwera mapiriwa kukapemphera, tidutse mwakachetechete. Botolo, pepala la bisiketi, jumbo, chilichonse chomwe wakwera nacho utsike nacho.

Ndikupemphanso kuti ulendowu usathere pa chithunzi cha pamwamba. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Tiyeni tiyambiretu kukambirana ndi mafumu komanso a nthambi ya zankhalango, atipatse kachigawo kakang'ono koti tikadzale. Kakang'ono, ndikubwereza. Kudzala n'kosavuta, aliyense amadzala pamaso pa kamera. Ntchito ili pa kupalira, kulambula njira yoteteza moto m'chilimwe, ndi kubwerera kukaona ngati mbande zagwira. Mitengo 50 yamoyo iposa 1,000 yomwe yauma pofika Okutobala.

Zokonzekera sizinasinthe, koma ndibwereze chifukwa dzulo ena anabwera ngati akupita ku Chichiri kukagula zinthu. Madzi malita awiri munthu aliyense, m'chikwama chako, osati cha mnzako. Phukusi la moyo umasunga wekha. Idyani musananyamuke, ndipo tengani kamba: nthochi, mbatata yophika, mtedza, zitumbuwa. Nsapato ikhale ya mapazi okhakhala, yomwe munaivalapo kale. Yatsopano imatupitsa matuza, patapata ndiye ayi ndithu. Juzi ndi chipewa. Foni yodzaza moto ndi mayunitsi pang'ono. Amene muli ndi mphumu kapena matenda ena, tengani mankhwala anu ndipo munditsine khutu pambali, sindiuza munthu. Osakwana zaka 18, tikufuna chilolezo cha makolo, ndipo aliyense auze akunyumba komwe akupita ndi nthawi yobwerera.

Tikumana 6 koloko m'mawa, 6 koloko ya pawotchi. Ikakwana 12 koloko tisanafike pamwamba, tikubwerera pomwepo, popanda kukambirana. Miyezi ino dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko, ndipo anthu ambiri amavulala potsika, miyendo itatopa, aliyense akuganiza za nsima. Kukacha ndi mvula kapena nkhungu yambiri, tisintha tsiku. Phiri silithawa. Ndalama ya thiransipoti perekani kwa a msungichuma pofika Lachinayi, ndipo amene zakuvutani lankhulani nawo mwachinsinsi, tithandizana. Pasapezeke wotsala chifukwa cha ndalama ya minibasi.

Ndiye mafunso ndi awiri. Tiyende gulu limodzi kapena tigawikane? Tikwere Soche, n'kudzaperekeza anzathu ena ku Mpingwe, kapena tilisiye? Maganizo anga mwawamva. A ku Chilobwe ndi ku Manja, ngati mukufuna kuyankhula, muyambe ndinu, ifeyo timvetsere.

(Amene munalipo munakweza kale manja. Amene kunalibe, tumizani voti yanu kwa a mlembi pofika Lachitatu madzulo. Zotsatira tilengeza pa gulu Lachinayi m'mawa.)